Tsiku Limene Kompyuta Idatukwana Apongozi Anga

Pali zinthu zimene munthu amati akakalamba adzaziseka. Ine imvi zandimera, koma nkhani ya kompyuta ya paparishi ndikaikumbuka ndimangogwira kuchibwano. Sidathe bwino.

Idali nthawi imene zipani zidangochuluka kumene, sukulu za pulayimale zitakhala zaulere. Ndinkaphunzitsa Chichewa pasukulu ya mishoni kumapiri a Dowa, cha ku Msakambewa, ndipo ndinkakhala chikamwini kwa apongozi anga, a Chimphepo. Adali munthu wosaseka wamba, wapampando wa akuluakulu a tchalitchi. Ndi iwo adandipatsa dimba kudambo, lomwe linkatipulumutsa miyezi ya njala.

Wansembe wathu, mzungu wokalamba amene tinkangomutchula kuti Abambo, adabwera ndi kompyuta pochokera kutchuthi kwawo. Inkayaka ndi jenereta. Iwo adali ndi loto loti tiphunzitse makinawo malamulo a zinenero, kuti munthu akalemba chiganizo m'Chingerezi chizituluka m'Chichewa, kenako tidzawonjezere Chitumbuka ndi Chiyao.

"Aphunzitsi, inu mumadziwa galamala, ine ndimadziwa makina," adatero Abambo. "Tiphatikize mitu."

Ndidavomera asadamalize. (Munthu amene wakhala moyo wake wonse ndi choko m'zikhadabo akauzidwa kuti akhudze kompyuta sakana.)

Kompyuta ndi mbuli yomvera. Sidziwa kanthu, uyenera kuiuza chilichonse mzere ndi mzere, ndipo ukaiwala kadontho kamodzi imanyanyala. Abambo adandiphunzitsa kuilembera malamulo: apa mwininkhani, apa mneni, apa pamtherankhani. Chingerezi sichidavute. Chichewa changa chomwechi ndicho chidanditulutsa thukuta, poti timati mbuzi yagwa, khasu lagwa, chipewa chagwa, kamwana kagwa. Kuiuza gulu la dzina lililonse kudanditopetsa, ndiye ndidapeza njira yachidule. Ndidailamula kuti dzina lililonse loyamba ndi chi lizitenga cha, loyamba ndi ka lizitenga ka. Ndidayesa ndi chikho, chingwe, kambalame, zonse zidatuluka bwino. Ndidadziona wanzeru kuposa aliyense m'boma la Dowa.

Miyezi idapita ine ndikungokhalira kuofesi ya Abambo. Fodya adayamba kupsa m'munda.

"Kodi kompyuta yanuyo idzakusokerani fodya?" adandifunsa mayi a kunyumba, Nambewe.

"Mudzaona," ndidayankha. (Adaonadi.)

Kenako kudamveka kuti kukubwera mlendo wochokera ku Lilongwe, mayi wa bungwe lina lophunzitsa anthu za demokalase. Ankafuna munthu wowakonzera timabuku m'zinenero zosiyanasiyana. Abambo adandinong'oneza kuti akandiona ndi makinawo ntchito ndiipeza. Ndidayamba kudziona ndili m'tauni, nditamanga tayi, nditasiyana ndi kalasi imene ana ena ankakhala pazenera chifukwa chosowa malo.

Lamulungu, Misa itatha, tidasonkhana muofesi. Padali mlendoyo, Abambo, mayi Kamwendo omwe ankatsogolera amayi a mpingo, ndi apongozi anga. Apongoziwo sankafuna kubwera. Ndidawachonderera ndine, kuti aone kuti mwana wawo sadakwatiwe ndi munthu wamba.

Tidayamba ndi mbuzi. Mlendo adalemba m'Chingerezi, makina osindikizira adalira ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini, pepala lidatuluka. Mayi Kamwendo, poti adali ndi mawu omveka, adawerenga: "Mbuzi yadya chimanga."

Onse adawomba m'manja. Ngakhale apongozi adagwedeza mutu. Ndikadakhala ndi nzeru ndikadazimitsa jenereta pomwepo.

"Tiyese ndi anthu," adatero mlendo. Adatembenukira kwa apongozi mwaulemu. "Dzina lanu ndani, bambo?"

"Chimphepo."

Adalemba mawu abwino zedi, oti mkuluyu wabwera, ndi wokalamba koma wamphamvu, ndipo timamukonda. Ine ndidali ndikumwetulirabe pamene mayi Kamwendo adakweza pepala.

"Chimphepo chabwera. Ndi chokalamba koma chili ndi mphamvu. Timachikonda."

Mayi Kamwendo adaluma nsalu yawo, mapewa akugwedezeka, mpaka chiseko chidawaphulika. Apo m'pamene ndidazindikira kuti miyezi yonseyo ndidayesa makinawo ndi zikho ndi zingwe, koma dzina la munthu sindidaliyesepo.

"Pangolakwika pang'ono," ndidatero. "Yesani dzina lina."

Mlendo uja, pofuna kundithandiza, adalemba dzina la mayi Kamwendo, n'kuwonjezera kuti aseka ndipo ndi okondwa. Ulendo uno apongozi adatambasula dzanja n'kutenga pepala okha. Adavala magalasi awo pang'onopang'ono, n'kuwerenga ngati akulengeza maliro.

"Kamwendo kaseka. Kali kokondwa."

Chiseko cha mayi Kamwendo chidathera pomwepo. "Ine kamwendo? Ine kaseka? Aphunzitsi, ine ndidakuikani kumbuyo inu muli khanda!"

Abambo adayesa kufotokoza za magulu a mayina, koma palibe ankawamvera. Munthu wina akadagwada n'kupepesa ndi pakamwa pake. Ine ayi. Ndidaganiza kuti makina amene alakwa ndiwo apepese, kuti mlendo aone kuti amathanso ulemu. Ndidakhala pampando n'kulemba m'Chingerezi kupempha apongozi kuti andikhululukire poti iwo ndi bambo anga. (Ndidaiwala kuti Chingerezi chili ndi liwu limodzi lokha loitanira mwana, galu ndi apongozi.)

Apongozi adalandiranso pepala. "Ndikhululukire. Iwe ndiwe bambo wanga."

Adavula magalasi, adawapinda, adatenga chipewa chawo.

"Bambo, si ine, ndi makina," ndidatero.

"Makinawa adabadwira ku Dowa kuno?"

"Ayi."

"Chichewa adachiphunzira kwa yani?"

Apongozi adatuluka, mayi Kamwendo pambuyo pawo. Mlendo adandigwira chanza mwachisoni, nati ntchitoyi ili ndi tsogolo. Sindidamvenso za iye.

Nkhani idafika kumudzi ine ndisadafike. Nambewe ndidamupeza atakhala pakhonde, osandiyang'ana.

"Mwawaitanira bambo anga kuti mukawatukwane pamaso pa alendo?"

Tsiku limenelo sadaphike. Mawa lake ana a m'mudzi adali atayamba kale. Apongozi akamadutsa panjira, anawo ankabisala m'chimanga n'kufuula kuti, "Chabwera! Chabwera!" Mkulu wolemekezeka, amene anthu ankamuvulira zipewa, adasanduka choseketsa cha ana chifukwa cha ulesi wanga. Adasiya upampando wa kutchalitchi. Ankhoswe adakhalirana, ndidapereka nkhuku, apongozi adalandira, koma dimba lija adalipereka kwa mkamwini wina. Chaka chimenecho fodya ndidali nditamutaya kale, ndipo Febuluwale adatipeza tikudya nkhwani wopanda chotsira.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti kukonza cholakwikacho sikudatenge nthawi. Ndidangouza makinawo kuti mayina a anthu ali ndi gulu lawolawo, ndiponso kuti wamkulu ndi inu. Abambo asadabwerere kwawo, poti thanzi lawo lidayamba kuvuta, tidasindikiza pepala lomaliza. Lidatuluka loyera bwino: "A Chimphepo abwera. Timawakonda."

Ndidalitenga kupita nalo kwa apongozi. Ndidawapeza pansi pa chigafa choyanikira fodya, ndidagwada, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Adaliwerenga mpaka kumapeto.

"Tsopano yaphunzira?"

"Yaphunzira, bambo."

"Chabwino. Nanga mphunzitsi wake?"

Adaling'amba pakati bwinobwino, adathirapo fodya wa chingambwe, adapichira, n'kundituma kuti ndikawatengere moto. Ndidapita. Kuyambira pamenepo ndikapeza njira yachidule ndimayamba ndafunsa kuti idutsa pakhomo pa yani.