Asuweni a Zu Cirino Trovato

Kodi munthu angakhale ndi asuweni angati? Mukafunsa aliyense kuno ku Roccanera adzawerenga pa zala n'kukuuzani kuti khumi, mwina makumi awiri ngati agogo ake anali akhama. Zu Cirino Trovato (Zu ndi mawu aulemu oitanira bambo wachikulire kuno) anali nawo oposa mazana anayi m'tauni muno mokha, osawerengera a ku Catania, a ku Acireale ndi a ku America, ndipo pa onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe wa magazi awo. Lamulo lawo linali lalifupi: aliyense wotchedwa Trovato ndi msuweni. Anamwalira kumayambiriro kwa mwezi uno ali ndi zaka 81, osakwatirapo, opanda mwana, opanda mlongo kapena mng'ono. Munthu amene nkhani yawo yamutsalira m'manja ndi Venera Trovato, mayi wa kuseri kwa tchalitchi wosindikiza zikalata zolengeza maliro zomwe timamata pamakoma, amene anakana usuweniwo kuyambira ali mtsikana.

Tanthauzo la dzinali palibe salidziwa kuno, ngakhale ambiri sakonda kulitchula. Trovato ndiye kuti wotoledwa. Pakhoma la nyumba yakale ya masisitere padakali bowo, lotsekedwa ndi njerwa tsopano, pomwe panali mgolo wathabwa wozungulira. Mayi wolephera kulera mwana ankamuika m'mgolomo, kuuzunguza, kuliza belu, n'kuchoka nkhope yake isanaoneke. Mlembi ankayenera kulemba kanthu m'buku, ndipo akasowa dzina ankalemba zomwe zachitika: mwanayu watoledwa. N'chifukwa chake dzinali lili mbwee mbali ino ya phiri la Etna. Silinachuluke chifukwa cha kholo limodzi lobereka kwambiri. Linachuluka chifukwa njala inali yambiri ndipo belu linkalira kawirikawiri.

Zu Cirino anagawa makalata m'tauni muno zaka makumi anayi, ndipo ntchitoyo ankaiona ngati yoyang'anira banja. Tinali ndi amuna awiri otchedwa Alfio Trovato, wina wolima mandimu, wina kalipentala, amene anadana chifukwa cha galu. Zu Cirino anawasinthanitsira makalata zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, osaphonya ngakhale imodzi.

"Zu Cirino, chakalamba n'chiyani, maso kapena mutu?" ankakalipa kalipentalayo. "Iyi ndi ya wakuba uja wa mandimu. Yanga ili kuti?"

"Ili kwa msuweni wako. Sinasochere, ili pachibale."

"Nkhumba ija si msuweni wanga."

"Ukaiuze wekha. Ili pakhomo mpaka madzulo."

Awiriwo ankakumana pampanda kusinthana makalata ndi kutukwanana. Patapita zaka miyendo inayamba kuwawa, anabweretsa mipando kuti azitukwanana atakhala. Kenako wina anabweretsa vinyo kuti kukhosi kusamaume. Wa mandimu atamwalira, kalipentalayo anamukhomera bokosi, analinyamula paphewa, ndipo njira yonse yopita kumanda ankadandaula kuti wakubayo ngakhale atafa akulemera dala.

Ndiye panali kachitsulo kamene ankayenda nako. Agogo a bambo awo a Zu Cirino anapezeka m'mgolo muja ali ndi theka la mendulo ya woyera mtima m'khosi. Amayi ambiri ankatero: kudula mendulo pakati, theka kumangirira mwana, theka kusunga, kuti zinthu zikadzayenda bwino adzalumikize n'kutenga mwana wawo. Mayi ameneyu sanabwerere. Zu Cirino anaganiza kuti theka linalo lidakalipo, ndipo popeza linatsala ndi mayi wosadziwika, likhoza kukhala kwa aliyense. Choncho panalibe wotetezeka. Theka lawolo analiyesa pa makiyi a dokotala, dokotalayo akuwamvetsera mtima. Analiyesa pa zokongoletsa za hatchi ya ngolo ya chikondwerero. Pa ukwati wina, umene sanaitanidwe monga mwa nthawi zonse, anaona mkwatibwi wochokera ku Giarre atavala mendulo yobenthuka. Anaima pamzere wa opsompsona mkwatibwiyo, ndipo nthawi yawo itakwana anatulutsa kachitsulo kawo n'kukagunditsa pachifuwa pa mwana wa eni. Amayi a mkwati anawamenya ndi chikwama kawiri. Iwo anatola chipewa chawo, anakhala pansi, anakoka mbale ya pasita.

"Zagwirizana?" wina anafunsa.

"Pang'ono pokha," anatero. Yankho linali lomwelo nthawi zonse, pa makiyi, pa hatchi, paliponse. Pang'ono pokha.

Atapuma pantchito, m'mawa uliwonse ankayendera makoma kuwerenga zikalata za maliro. Akaona dzina la Trovato ankapita kukavala suti. Mwambo wa m'tchalitchi ukatha, ofedwa akaima pamzere pakhomo kuti anthu awagwire chanza, iwo ankaima kumapeto kwa mzerewo. Alendo ochokera kutali ankawapepesa kwambiri kuposa mkazi wamasiye, poti ndiwo ankaoneka osweka mtima.

Venera zimenezi zinkamunyansa. Ndi munthu wokonda zinthu zolembedwa molondola, ndipo tsiku lina anapita kosungira mabuku akale a tauni n'kubwerako ndi mapepala.

"Onani apa, Zu Cirino. Kholo lanu linatoledwa mu 1871. Langa mu 1846. Amayi osiyana, abambo osadziwika. Dzina lathuli silikunena kuti ndife amodzi. Likunena kuti tilibe wathu."

Anavala magalasi, anayang'ana pepalalo atalizondotsa.

"Lako analipeza pati?"

"M'mgolo."

"Langa?"

"M'mgolo."

"Womwewo?"

"Womwewo."

"Ndiye amayi osiyana ati? Tinatuluka m'mimba imodzi, msuweni. Kungoti inali yathabwa."

"Sindine msuweni wanu."

"Bambo ako ankateronso. Moni kwa ana."

Pa nkhani ya magazi Venera ankanena zoona, ndipo wofuna kutsutsa apite akawerenge mabukuwo. Koma amene amati Zu Cirino anali wozerezeka chabe ayenera kuyankha funso limodzi. Mlembi polemba dzinali ankadziwitsa dziko kuti mwanayu palibe amene ali ndi udindo pa iye: palibe woyenera kudza pa ukwati wake, palibe woyenera kuima pa maliro ake. Kwa zaka zoposa zana ife eni dzinali tinavomereza chigamulo chimenecho mwakachetechete, ena n'kumanamizira kuti makolo awo anachokera ku Spain. Munthu mmodzi yekha anakana, ndipo anakana ndi miyendo yake, khomo ndi khomo. Ngati kumeneko ndi kuzerezeka, tiuzeni dzina la zomwe enafe tinkachita.

Mwezi watha, m'mawa wina, analowa kwa Venera atavala suti ija chikhalirecho kunalibe maliro. Venera anali kudzoza mafuta makina ake.

"Ndabwera kudzalembetsa chikalata changa, msuweni. Dokotala wati mtima watopa. Sindikufuna udzalakwitse zaka."

Anatchula dzina, zaka, tchalitchi. Venera analemba. Anafika pa mzere umene aliyense kuno amayamba kuuwerenga asanaone n'komwe kuti wamwalira ndani, mzere wonena kuti akulengeza mwachisoni ndi awa, kenako mayina a abale. Pamenepa ndi pomwe tauni imadziwira mwana amene anakanidwa ndi mpongozi amene anakhululukidwa. Bambo ake a Venera anamusiyira lamulo limodzi: pa mzere umenewo sipalembedwa bodza, ndipo dzina la munthu silikwerapo mwini wake asanavomere.

"Lemba kuti asuweni."

"Asuweni ati? Ndipatseni mayina."

"Ali m'buku la telefoni, pa T."

"Iwo akudziwa?"

Zu Cirino anazunguza chipewa m'manja. Anayang'ana zikalata za anthu ena zomwe zinali kuuma pachingwe, chilichonse ndi mizere yake itatu kapena inayi ya ana, adzukulu ndi alamu.

"Ndiye lemba lako lokha," anatero motsitsa mawu. "Limodzi likwana. Kungoti pasakhale poyera."

Venera sanadzutse mutu. Ankaganiza kuti ndi masewera omwe aja, ndipo anayankha monga ankayankhira nthawi zonse.

"Sindine msuweni wanu, Zu Cirino. Ndakuuzani zaka makumi atatu."

"Makumi atatu ndi ziwiri." Anavala chipewa. "Chabwino. Siyapo mpata. Waukulu ndithu, asadzapanikizane."

Atafika pakhomo Venera anaona kachitsulo kali patebulo.

"Mwaiwala mendulo yanu."

"Sindinaiwale. Yatopa nayonso."

Patatha milungu itatu, mayi woyandikana nawo nyumba anawapeza masana atakhala pampando wawo pakhonde, chipewa chili pabondo. Venera atamva anati, "Chabwino," n'kuyatsa makina. Anasindikiza zikalata makumi atatu monga anagwirizana, mpata uli pomwepo, waukulu ngati zikhato ziwiri. Anatenga ndowa ya guluu n'kukamata yekha: pakhoma la tchalitchi, pa positi, pamsika, pafupi ndi bowo lija la masisitere. Ankadikira kuti amve kanthu m'chifuwa, koma sanamve chilichonse. Anangoona kuti guluu wachepa.

M'mawa wa maliro phiri la Etna linalavula phulusa. Tauni yonse inakwera pamadenga ndi matsache, ena kuphimba magalimoto, ena kuthamangira ku minda ya mandimu. Palibe amene anachita mwankhanza. Aliyense ankaganiza kuti munthu wa asuweni mazana anayi sangasowe omuperekeza. M'tchalitchi munali anthu asanu ndi anayi. Mwambo utatha, wansembe Don Orazio anaima pakhomo kudikira kuti ofedwa afole, monga zimakhalira. Panalibe wofola. Anthu aja anayang'anana manja ali m'mwamba, osadziwa wogwira chanza. Kenako anagwirana okhaokha, aliyense kupepesa mnzake, n'kumabalalika. Alfio kalipentala, amene tsopano amayenda ndi ndodo, ananena mawu amodzi okha kwa malemuyo.

"Galu wokalamba, lero waphonya maliro a Trovato."

Palibe anaseka. Venera potuluka anaima pa chikalata cha pakhoma la tchalitchi. Phulusa linali litakakamira pampata paja, pada bii. Anaona kuti chilembo chimodzi m'dzina la Cirino chinapendekeka pang'ono, ndipo analiyang'ana dzinalo nthawi yaitali, akuganiza za chilembocho basi.

Kuyambira pamenepo tauni ili bwinobwino. Makalata amafika kwa eni ake, monga akhala akuchitira chipumire Zu Cirino pantchito, ndipo munthu akhoza kutha chaka osagogoda pakhomo la mnzake. Akwatibwi amavala mendulo zawo mopanda mantha. Mlungu watha tinaika mayi wina wa kwa Trovato wa kumsika. Mzere wa ofedwa unali wa abale enieni okhaokha, ndipo mwana wamkulu wa mayiyo ankangocheukira kumapeto kwa mzerewo ngati wina wachedwa.

Venera amatsegula nthawi yake, amatseka nthawi yake. Amadya, koma mukamufunsa chimene wadya sakumbuka. Kachitsulo kaja anakaponya m'kabati ya zilembo zakale. Lachiwiri lapitali, akusesa pansi pa makina, anatola kachitsulo kena kothyoka, kochokera ku makina omwewo. Sakudziwa chimene chinamuchititsa. Anatsegula kabati, anatenga mendulo ija, anazigunditsa. Sizinagwirizane, ndipo sizikanagwirizana.

"Pang'ono pokha," anamva pakamwa pake pakutero, m'chipinda mopanda munthu.

Anakhala pansi, tsache lili m'manja, mpaka belu la masana linalira. Kenako anayamba kukonza chikalata cha Misa ya tsiku la makumi atatu chimwalirire Zu Cirino. Pa mzere uja analemba dzina loyamba: Venera Trovato, msuweni. Akuti lamulo la bambo ake sanaliphwanye, poti mwini dzina wavomera. Za bodza sakufuna kukambirana.

Dzulo kunabwera Alfio kalipentala. Anawerenga, anakhosomola, anagogoda ndodo pansi.

"Lembanso langa. Koma usaike zoti msuweni, ine zopusazo ayi."

"Ndiike chiyani, Zu Alfio?"

Mkuluyo anayang'ana kudenga, anayang'ana kukhomo, anakanda chibwano.

"Ika msuweni," anatero, n'kutuluka osatsanzika.

Mayina alipo awiri. Mpata ndi womwe uja anapempha mwini wake, waukulu. Misa ichitika Loweruka, ndipo Venera ayatsa makina Lachinayi masana. Iye salemba dzina la munthu amene sanabwere yekha, ndipo za patelefoni salandira. Ngati dzina lanu ndi Trovato, pitani kuseri kwa tchalitchi Lachinayi lisanafike mukamuuze kuti alembe lanu. Ndipo Loweruka Misa ikatha musathamangire kunyumba. Imani pamzere pakhomo, kuti anthu apeze wogwira chanza.