Mbava Zosatha Kukana

Nzeru za Tebano zinkabwera mowa wa kokonati ukafika m'mutu. Tinkamutcha Kapiteni, ngakhale bwato lokhalo limene anayendetsapo analimiza lili padoko.

Chaka chimenecho mvula inatitaya. Zitsime pachilumba chathu zinasanduka mchere, ndipo mkazi wa Kapiteni, Nei Rutiana (kwathu "Nei" ndi mawu aulemu otchulira amayi), anabwerera kwa mayi ake atanenetsa kuti adzabwera thanki ya pakhomo ikadzadzaza. Mwamuna anawonda mpaka kumvetsa chisoni.

"Magaye," anatero Kapiteni akugwedeza chikho, "makina osefa madzi a m'nyanja aja akulavula madzi tsiku lonse, ife n'kumagawiridwa kandowa ngati nkhuku. Lamulungu anthu ali m'tchalitchi, tikwapule migolo. Madzulo madamu ali pakhomo."

"Nanga loko wa panyumba ya makinawo?" anafunsa Nkhanu, amene ankayenda chammbali ngakhale asanalawe.

"Loko ndi mwana kwa ine," anatero Injiniya, katswiri wophwasula mawailesi osawabwezera.

Lamulungu Injiniya analimbana ndi loko mpaka thukuta kamukamu. Nkhanu atatopa anatsamira chitseko, n'kugwera m'kati. Chinali chosakhoma.

Anadzaza migolo, kukweza pangolo, ulendo. Chimene akatswiriwa anaiwala n'chakuti msewu pachilumba pano ndi umodzi, ndipo umadutsa pakhomo pa tchalitchi. Ngolo inatitimira mumchenga pomwepo, anthu akutuluka.

"Kapiteni!" anakuwa Nei Teaote, make mapasa. "Bubuti, kandowa kamodzi!"

Kwathu kuno munthu akakupempha ndi mawu akuti bubuti, sukana. Wokana amasowa pobisa nkhope mpaka kumanda.

"Kanani, akulu," ananong'ona Nkhanu.

"Ndikane? Iwe, kuba n'kwina, mwano n'kwina. Ndinaleredwa ine!"

Anathira. Akatekisiti nawo bubuti. Akwaya bubuti. Mzere unafika kunyanja, Injiniya n'kumakalipira olowerera.

Womaliza anali Nei Bwenaata, woyang'anira makina, ketulo kumanja.

"Bubuti," anatero, maso ali pa migolo. "Koma utoto uwu ndinapaka ndine, eti?"

Mlandu sunatenge nthawi m'nyumba ya msonkhano, poti mboni zonse zinali zitamwa umboni. Mudzi unagamula kuti popeza anyamatawa aonetsa luso, azigawa madzi khomo ndi khomo mpaka mvula idzagwe.

M'mawa mwake ngolo inaima pakhomo pa apongozi a Kapiteni. Kapiteni anali atagona ndi nzeru yatsopano: amupempha mkaziyo ndi bubuti kuti abwerere, aone ngati akana. Anakonza kukhosi, n'kutsegula pakamwa.

"Bubuti, bambo," Rutiana anamutsogolera, akumwetulira. "Zobwerera musandipemphe. Kuno madzi akundipeza pakhomo, ndikavutikirenji kwanu? Thirani apa."

Kapiteni anayang'ana kumwamba. Kunalibe ndi kamtambo komwe. Anathira.