Shuga wa Mayi Nankhoma

Usiku wathawu, anzanga, ndinalota zinthu zodabwitsa. Koma ndiyambe ndi zimene si maloto. Loweruka likubwerali mwana wathu Lonjezo atitenga pa galimoto yake kuchoka kuno ku Mvera, kudzera ku Salima, kukafika pa mlatho wa Chia, n'kubwerera tsiku lomwelo. Bambo ake anayendetsa lole ya mpunga mumsewu umenewo zaka makumi awiri, koma amati sanauonepo, maso ankangokhala pa maenje. Tsopano adokotala anatiuza kuti masowo akuzima pang'onopang'ono. Tinamva tonse awiri, ndipo chibwerereni kuchipatala palibe amene waitchula nkhaniyo.

Dzana mayi Nankhoma, oyandikana nafe, atandifunsa za ulendowu ndinangoti, "Tikukaona." Posakhalitsa anabwera ndi paketi ya shuga, amvekere, "Mukapatse odwalawo." Ndinalandira ndi manja awiri, osanena kuti ulendo wathu ndi wongoona malo.

Ndiye m'malotomo ndinali pa tebulo, ndikujambula msewu wathu kuseri kwa kalendala ya kutchalitchi. Mwadzidzidzi mzere umene ndinajambulawo unatsika pa tebulo, n'kutuluka pakhomo uli wa tala. Ndiye ndinapezeka ndili pa chiwongolero, ine amene sindinapalasepo ngakhale njinga. Bambo a Lonjezo anali pambali panga atavala jekete ya Mgonero, ndipo kumbuyo kunali paketi ya shuga ija itamanga lamba.

"Pepani mayi, ndifunse nawo," inatero paketiyo. "Odwala anga ali kuti?"

"Tangokhalani, a Shuga," ndinayankha. Ndinawalemekeza chifukwa anali alendo.

Ndiye tinadutsa Salima yense ali mkati mwa dengu la mango. Dzuwa linali pamutu. Migwalangwa inkayenda pamzere ngati amayi a Mvano, mpunga m'madimba ukutiweramira.

"Kumanjaku kuli chiyani?" anafunsa bambo a Lonjezo. "Mutu wanu ukunditchinga."

Ndinacheuka. Azimayi anayi anali atagwira nyanja m'makona, akuipinda ngati chitenje chouma. Kutsogolo kwawo munthu wina anali pa makwerero, akuzimitsa milambe umodziumodzi ngati nyali.

"Mukuipindiranji?" ndinawafunsa pa windo.

"Tikuanula, mayi. Yakhalitsa panja."

Ndiye ndinaponda mafuta kuti tikafike pa Chia asanamalize, koma mwadzidzidzi pamsewu panamera chipata. Wapolisi anabwera ndi pepala lokhala ndi mabokosi atatu.

"Cholinga cha ulendo. Maliro, ukwati kapena matenda?"

"Tikukaona, bwana."

"Kukaona ndani?"

"Kungoona."

Anandiyang'ana mpaka maso ake anatuluka n'kuima pa timitengo. Yunifomu inagwa pansi, m'kati mwake munatuluka nkhanu itagwira cholembera, n'kuyenda chammbali kukaitana akuluakulu. Akuluakuluwo anatuluka ali munthu bwinobwino, koma pofika pa galimoto anali mvuu ya tayi.

"Chiyambireni ntchito," inatero mvuuyo, "sindinamvepo munthu wowotcha petulo kuti akangoona. Kumeneko kulibe ngakhale chinkhoswe?"

"Kulibe, bwana."

"Ndilankhuleko, bwana," anatero a Shuga atakweza kona imodzi. "Ine anandilandira ngati wa odwala. Ndi manja awiri."

"Ndiye nkhani yaphweka. Tchulani wodwalayo, chipata chitseguka."

Kuseri kwa chipatako ndinkauona mlatho, ndi madzi amene anatsala, osaposa mphasa. Ndinayesa kupemphera, koma m'kamwa munkangotuluka mayina a masiteji: Khombedza, Thavite, Benga. Ndiye ndinati, "Ndi azakhali anga." Chipata chinatalika mpaka m'mitambo, ndipo munthu wa makwerero uja anazimitsa mlambe wina.

"Azakhali anu tinaika kale," anatero bambo a Lonjezo motsitsa mawu. "Ndinanyamula bokosi ndine."

Ndinati ndi abusa. Chipata chinamera minga. Nkhanu inkalemba zonse, ikupukusa maso.

Mwadzidzidzi kunangoti zii, ndipo ndinamva madzi otsala aja akupindidwa kotsiriza, ngati nsalu ikamalowa m'sutikesi. Ndiye ndinagwira dzanja la jekete ija, osawayang'ana eni ake.

"Ndi awa, bwana. Amuna anga. Maso akupita."

Mvuu inavula chipewa. Nkhanu inachonga bokosi lachitatu mosapanga phokoso.

"Mayi a Lonjezo," anatero amuna anga, "mwezi wonsewu ndakhala ndikutsegula Baibulo m'mawa kuti muziyesa ndikuwerenga."

"Ndimadziwa. Tsamba lake ndi lomwelo chibwerereni kuchipatala."

"Osandisinthirako bwanji?"

Ndiye chipata chinasungunuka ngati shuga m'tiyi, ndipo azimayi aja anayamba kuyala nyanja, kona ndi kona, mpaka mabwato anagwamo ali ndi asodzi ake. Amene anagwira kona ya kufupi ndi ife anali mayi Nankhoma.

"Fulumirani anthu inu," anatero. "Manja atopa."

Ndinaweramitsa mutu kuti ndisawatchinge amuna anga. Ndinawamva akupuma mozama, n'kuyamba kunena kuti, "Kodi madziwa ndi a mtundu..." Koma penapake belu linayamba kulira, ngwe, ngwe, ngwe, likuyandikira.

Ndinadzidzimuka kutayera kale. Silinali belu. Inali supuni ikugunda m'kapu.

Ndinawapeza bambo a Lonjezo pa tebulo akutakasa tiyi. Paketi ija inali yotsegula, ndipo shuga wina anali atatayikira pambali pa kapu, pamene supuni inaphonya.

"A Nankhoma anati ndi wa odwala, eti?" anatero osadzutsa mutu. "Ndathirako masupuni awiri."

Ndinakhala pansi. Kenako ndinasonkhanitsa wotayikawo ndi dzanja, n'kuuthira m'kapu mwanga.

"Loweruka mukakhale kumbuyo kwa dalaivala," ndinatero. "Popita nyanja imakhala kumanja."

"Ndipo pobwera?"

"Pobwera tidzasinthana."