Kadontho Kofiira pa Nati ya Tabo

Galimoto ya ababa ili pamiyala kuseri kwa nyumba ku Magwegwe, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala, ndipo amene anaifikitsa pamenepo ndine. Ndaona kuti ndiulule ndekha, chifukwa mlongo wanga Esinati akamaifotokoza nkhaniyi amaithira mchere wambiri.

Ndi galimoto ya zitseko ziwiri, yaifupi ngati yagwada, imene ababa anagula kwa bwana wina wa kuwekishopu ya njanji pamene bwanayo ankasamuka m'dziko muno. Ababa anabwera ku Bulawayo kuchokera ku Ntcheu ali mnyamata, ndipo anagwira ntchito ya umakaniko mpaka kupuma. Nyumba yathu inalibe siling'i, koma panja panali galimoto ya tabo. (Kwa inu amene simukudziwa, tabo ndi chipangizo chopopera mpweya wambiri mu injini kuti galimoto ikoke mwamphamvu. Pambali pake pali kasikuluwu komangidwa ndi nati, kamene kamalamula kuti mpweyawo ulekezere pati. Ndikufotokoza ngati katswiri tsopano, koma ukatswiriwo unandipeza mochedwa ndi sabata imodzi.)

Amayi anatisiya zaka ziwiri zapitazo. Chaka chomwecho ababa anachita sitiroko, dzanja lamanja n'kufooka, moti sipanala sangaigwirenso. Galimoto inangokhala itafunditsidwa lona. Tsiku lovundukula chiliza cha amayi litayandikira, anandiitanitsa.

"Ndikufuna ndikafike kwa amayi ako pa galimoto iyi," anatero. "Usinthe oilo, uike batire, uitsuke. Koma pofiira paja usakhudzepo."

"Pofiira pati, ababa?"

"Ukatsegula boneti upaona."

Ndinapaonadi. Kanali kadontho ka utoto wofiira, kouma gwa, kolumikiza nati ija ndi chitsulo chimene yakhalapo. Amakaniko akale ankatero: akachuna chinthu ankadonthezapo utoto, kuti chikasuntha adziwe. Pa zaka ziwiri zonsezi mkuluyu sanatipemphe kanthu kena kalikonse, ulendo umodzi wokhawu basi. Ndinalonjeza ndi mtima wonse, ndipo panthawiyo sindinkanama.

Lachitatu galimoto inalira. Ndinaitenga kuti ndikaiyese pamsewu wopita kwathu ku Cowdray Park, ndikuyenda mwaulemu ngati ndanyamula mazira. Kombi yodzaza anthu, zigubu za madzi zili pamwamba, inandipitirira. Dalaivala wake anasuzumira pawindo n'kukuwa kuti, "Ilele imota yakho, mdala!" Ankatanthauza kuti galimoto yanga ili mtulo. Anthu m'kombimo anaseka. Ine, bambo wa ana atatu, wa imvi m'ndevu, ndinapsa mtima ngati wanditukwanira mtundu wonse.

Nditafika kunyumba ndinayamba kuonera mavidiyo pafoni. Anali anyamata akunja, a manja osalala ngati sanagwirepo girisi, onse akunena chimodzimodzi: potoza kasikuluwu pang'ono, galimoto idzuka. Ankanenanso zina, za petulo wabwino, za kuyang'anitsitsa muvi wa geji, za injini zokalamba zimene sizifuna kukakamizidwa, koma mbali imeneyo ndinkaidumpha ndi chala. (Bandulo inali yochepa. Ndimadziteteza choncho.)

Lachinayi m'mawa nati inakana kumasuka, utoto uja utaigwira. Ndinalowa kukhitchini, n'kutenga kampeni ka mkazi wanga kosendera mbatata, n'kupala kadontho kaja. Kanachoka ngati nkhanambo. Mumtima ndinati tsobola wakale sawawa, nkhalamba inachuna galimotoyi nthawi ya makedzana. Ndinapotoza kasikuluwu theka lokha n'kukaiyesa galimoto. Inandikankhira kumpando, ndipo ndikasintha giya inkayetsemula kuti pshii. Ndinaseka ndekhandekha ngati wamisala. Pobwerera ndinawonjezera theka lina.

Lachisanu kunabwera mnansi wanga Ncube, munthu amene sanakhalepo ndi njinga yomwe. Anasuzumira mu injini manja ali kumbuyo ngati dokotala.

"Faka futhi, Phiri," anatero, kutanthauza kuti ndiwonjezere. (Kuno aliyense wa kwathu ndi Phiri, ngakhale akhale Mbewe kapena Banda.)

Ndinawonjezera. Poyesa ulendo uno muvi wa geji unakakhudza pofiira, ndipo mantha anandigwira. Ndinaganiza zobweza pamene zinali. Koma ndinali nditapotoza kangati? Kawiri? Kanayi? Sindinawerenge, ndipo chizindikiro ndinali nditachipala ndekha. Ndinabweza mongoyerekeza n'kumanga nati. Munthu wodziwa yankho anali ku Magwegwe, ulendo wa kombi imodzi yokha, koma ndikanayamba bwanji? Safunsa anadya phula, ndipo ine langa ndinalidya ndili maso.

Loweruka nditaifikitsa galimoto ku Magwegwe, ababa anatuluka atavala suti yawo ya bulawuni ndi chipewa, maluwa apulasitiki ali m'manja. Esinati ndi amayi a kumpingo anali m'kombi yahayala kumbuyo kwathu, ndi mapoto a mpunga. Esinati Chichewa amachimva bwino, koma akamalankhula chimatuluka chitavala zovala za eni dziko.

"Bhudi, muyendetse kahle," anandiuza pawindo. "Ubaba sakufuna zothamanga." (Bhudi ndi achimwene, kahle ndi bwino.)

Tinanyamuka kulowera kumanda a ku Luveve, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Ababa anasisita mpando umene anakhalapo ndi dzanja lawo lamanzere.

"Amayi ako ankakhala pano," anatero. "Duku ankachita kuligwira kuti lisauluke."

Ankamwetulira. Chiyambire maliro aja ndinali ndisanawaonepo mano, ndipo ndinamva kukoma mumtima ngati ndachita chinthu chachikulu. Kenako tinafika pachitunda, kutsogolo kuli lole ya mchenga ikukwawa. Ndinatuluka kuti ndiipitirire n'kuponda. Muvi unalumpha, kupyola pofiira, kukagunda kumapeto. Mu injini munamveka phokoso ngati timiyala m'chitini. Ababa, amene foni ikamalira m'thumba mwawo saimva, phokoso limenelo analimva.

"Chotsa phazi."

Ndinali pambali pa lole, kutsogolo kukubwera basi. Ndinapondanso.

"Ndati chotsa phazi."

Lole ndinaipitirira, zimenezo zilembedwe. Koma nditangobwerera kumbali kwanga kunamveka kuti phu, mphamvu yonse n'kuthawa, utsi woyera n'kutiphimba. Galimoto inatsetsereka yokha mpaka kukaima pafupi ndi amayi ogulitsa tomato, ndipo mmodzi anavundikira tomato wake ndi nsalu.

"Tsegula," anatero ababa.

Anatsika pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. Pansi pankadontha oilo wosakanikirana ndi madzi, koma zimenezo sanaziyang'ane n'komwe. Anawerama molunjika pa nati ija, osaopa kutentha, n'kuipukuta ndi mpango wawo. Chitsulo chinali mbee.

"Unapala."

"Nati inkakana, ababa."

"Inkayenera kukana." Ankayang'anabe pomwepo. "Uja sunali utoto wa kuwekishopu. Unali wa zikhadabo za amayi ako. Tsiku lina ndinathamangitsa galimotoyi ndili nawo pamsewu wa ku Plumtree, ali ndi pakati pa Esinati. Titafika kunyumba anaimirira pambali panga kuti ndichepetse mphamvu. Tinkayesa, ndikubweza, tinkayesa, ndikubweza, mpaka pamene mtima wawo unakhala pansi. Kenako anadonthezapo okha. Anati mukadzasuntha ndidzadziwa."

Ndikanakonda akanangondikwapula ndi ndodo ija pamaso pa amayi a tomato. Sanakweze mawu ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo n'zimene zimandipweteka mpaka lero.

Kombi ya amayi a kumpingo inaima kumbuyo kwathu. Esinati anayang'ana utsi, anayang'ana ine, n'kungoti, "Hawu, bhudi." M'kombimo munalibe malo, choncho ababa anawapanikiza pafupi ndi chitseko, poto wa mpunga ali pamiyendo, maluwa ali pamwamba pa chivundikiro. Umu ndi mmene anakafikira kwa mkazi wawo. Ine ndinatsala pamsewu kudikira wodzakoka galimoto, ndipo pamene ndinkafika kumanda nsalu inali itachotsedwa kale pachiliza, nyimbo zitatha, anthu akukwera kubwerera. Dzina la amayi anga ndinaliwerenga ndili ndekha.

Makaniko amene anaitsegula anati pisitoni imodzi inasungunuka mpaka kubooka, ndipo zipangizo za galimoto yotere muno sizipezeka wamba. Sabata yotsatira ndinagula kabotolo ka utoto wofiira wa zikhadabo. Mkazi wanga anakapeza m'thumba la jekete. (Mlandu umenewo unatenga masiku awiri, ndipo unatha Esinati ataperekera umboni pafoni, akuseka mpaka kutsamwa.) Kenako ndinapita nako ku Magwegwe. Ndinapeza ababa atakhala pampando pansi pa mtengo wa magwafa, pafupi ndi galimoto yawo.

"Ababa, tikadzaikonza ndidzadonthezaponso," ndinatero, nditanjuta, kabotolo ndikukapereka ndi manja awiri.

Anakalandira, n'kukayang'ana padzuwa nthawi yaitali.

"Mtundu wake ndi womwewo," anatero. "Koma udzadontheza pati? Ukudziwa pamene panali?"

Masiku ano ndikaona chinthu chopakidwa kautoto kapena chomangidwa ndi waya ndi munthu wamkulu, manja ndimaika m'thumba, ngakhale amandiyabwabe. Makombi sandipitiriranso pamsewu, chifukwa ndimakhala ndili momwemo. Kabotolo kaja ababa anakasunga. Kali pawindo la kuchipinda kwawo, kosatsegula.