Kathanki ka Achimwene

Lolemba
Uthenga unandipeza kwa wometa ku Kawale, mbali imodzi ya mutu itatha kale. Mphunzitsi mnzanga anangoima pakhomo. "Achimwene anu atisiya." Ndinapita kuchipatala choncho. Tsiku lometa maliro akuluakulu anangomalizitsa mbali inayo.

Mwezi sunathe. Lero alamu, akazi a malemu, akuti banja lagwirizana: galimoto ya malemu ipita kwa amalume ku Dedza, adzaitenga Lamulungu. Ili ndi vuto limodzi lomwe ndi langa. Kathanki ka madzi otsukira galasi lakutsogolo kanang'ambika pansi, ndipo ine ndi achimwene tinapangana kukakonza limodzi mvula isanayambe. Mvula yayamba. Ndikakonza ndekha isanapite.

Lachiwiri
Ndathira madzi kuti ndione podonthera. Akudontha pansi pa nyali yakumanja. Amayi a nyumba yoyandikana aima ndi tsache lawo. "Galimoto ikulira mwini wake." Ndawafotokozera kuti pulasitiki ikakalamba imauma n'kusweka. Amvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, kenako apita kukaitana anzawo. Madzulo amayi a kutchalitchi ayimba nyimbo pafupi ndi bampala. Alamu atulutsa mphasa.

Lachitatu
Kathanki ndakachotsa. Buku la zamagalimoto lomwe ndabwereka ku laibulale lili ndi mzere umodzi pa nkhaniyi: gulani katsopano. Mabuku onena za imfa ndawerenga ambiri, nawonso sanatchulepo kathanki.
Zomwe ndayesa:
sopo, wasungunuka;
phula la kandulo, lagwa lokha;
guluu wa m'kachubu. Ameneyu wagwira ndithu. Wagwira zala zanga ziwiri.

Lachinayi
Ku Biwi, kwa ogulitsa zipangizo zakale. Woyamba wakatembenuza, waseka. "Bwana, mtundu uwu unatha pamodzi ndi chipani chimodzi." Wachiwiri akuti ndiikepo chigubu cha mafuta ophikira, aliyense amatero. Wachitatu walowa kuseri, watuluka ndi kena kofanana, nako kong'ambika. "Koma aka kang'ambika pamwamba, abwana. Mungothira theka."
Ndabwerera wapansi, kathanki kukhwapa. Anthu awiri andifunsa ngati ndikugulitsa palafini.

Lachisanu
Bambo omata mabeseni a ku Mgona adutsa akuitanira. Chitsulo pambaula, zidutswa za ndowa yofiira, utsi wokoola. Mng'alu watsekeka. Pambali pake pabooka bowo lolowa chala. "Pulasitiki ya kunja sigwirizana ndi yathu," atero, n'kumatanso. Amata mpaka ndowa yatha.
Kathanki tsopano kakuoneka ngati mbatata. Pamalo pake sikakulowa.

Loweruka
Ndakakakamiza, ndakamanga ndi malegeni. Ndathira madzi. Sikakudontha! Ndakoka kachitsulo ka pachiwongolero: pampu yang'ung'udza, galasi lili gwa, louma. Pulasitiki yosungunuka ija yatseka ndi potulukira pomwe.

Alamu aima pakhonde, ayang'ana pansi pa nyali nthawi yaitali.
"Yasiya kulira?"
Ndati eya.
"Msanga chonchi?"
Alowa m'nyumba.

Ndakhala kumpando wa dalaivala. Ukadali pomwe achimwene anausiya, mapazi anga safika pa kilatchi. Sindinausunthe.

Lamulungu
Amalume afika titangoweruka kutchalitchi, ali ndi dalaivala wawo. Watsegula boneti, wayang'ana ntchito yanga, watulutsa mpeni. Malegeni onse pansi. "Izi si zofunika, achikulire. Kwathu timapukuta ndi nsanza." Wandipatsa kathanki ndi manja awiri, mwaulemu. Walowa, wakokera mpando kutsogolo osayang'ana n'komwe.

Anyamuka mvula ikuwaza, dzanja lake lili kunja kwa windo ndi nsanza. Alamu sanatuluke.

Pabwalo patsala malo ouma, ndipo mvula ikuwanyowetsa. Kathanki kali pashelefu yanga pakati pa mabuku. Madzi a dzulo aja akadali momwemo.