Kagalimoto Kofiira ndi Maso a Amayi

Lolemba
Kafika! Kagalimoto kanga ka magetsi, kofiira, mipando iwiri ndi theka. Ndikudutsa mzere wa mafuta ku Kanengo ndikuimba hutala mwamatama. Gonani pomwepo, abale! Loweruka ndikutengera Amayi kuchipatala. Kukubwera madokotala ochotsa ng'ala, tsiku limodzi lokha, ndipo Amayi achokera ku Ntcheu chifukwa cha zomwezo.

Lachiwiri
Magetsi azima m'mamawa. Batire ili pa theka. Palibe vuto, kuchipatala si ku Joni.

Lachitatu
Sanayakebe, akuti thiransifoma yapsa. Area 25 yonse yamva kuti kagalimoto kamatchaja foni. Pampando pali mafoni asanu ndi anayi, tochi, makina ometera, ndi wailesi ya a Phiri oyandikana nafe. Ndikane bwanji? Mawa ndikapala moto kwa yani?

Lachinayi
A Phiri atisiya. Wailesi yawo ikadali pampando, yadzadza bwinobwino. Mkulu wa mpingo wabwera chipewa chili m'manja: "Achimwene, mutiunikireko pasiwa ndi nyali za kagalimotoka." Zamaliro sakana. Ndakakaimika pachipata.

Lachisanu
Nyali zaunika mpaka kucha, onse akuyamikira. Batire yatsala kamzere kamodzi. Bokosi silikwanamo, mwayi wanga, koma kanyamula nkhata ndi azimayi atatu a kwaya mpaka kumanda. Pobwerera tikuchita kukankha, azimayiwo ali momwemo. Ndakaika patchaja, ndikungoyang'ana babu. Mantha andigwira.

Loweruka
Kangoti zii. Minibasi kulibe, zonse zili pamzere wa mafuta uja ndinkauseka. Ndakweza Amayi pakabaza wa njinga yakapalasa, ine pa ina pambuyo, ndikukuwa kuti agwiritse. Tikufika dzuwa lili paliwombo. Nesi sakudzutsa n'komwe mutu: "Mayina tatseka, bambo. Madokotalawa adzabweranso chaka chamawa." Amayi angomanga chitenje n'kukweranso kabaza. Bola akanandikalipira.

Lamulungu
Magetsi ayaka tili kutchalitchi. Batire yadzadza, ilibe ndi manyazi omwe. Akubanja kwa a Phiri adzatenga wailesi, athokoza kwambiri. Amayi atuluka mopapasa khoma, akukasisita kagalimoto ndi manja kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Sizikutenga nthawi.

"Wati n'kofiira?"

Ndati eya.

"Chabwino mwanawe. Ukasamale, ndidzakaone chaka chamawa."