Chilombo cha Kuseri kwa Thanthwe

Mukadzamva anthu a kumudzi kwa malemu mkazi wanga akunena za "aphunzitsi a chitenje", musavutike kufunsa kuti ndi ndani. Ndine. Dzinali ndinalitola paphiri la Mphunzi, Loweruka lina m'nyengo yozizira, ndipo ndikuona kuti ndidzafa nalo.

Mkazi wanga Agnesi anamwalira chaka chatha n'kundisiyira ana awiri: Tamanda, mtsikana wa sitandade faifi, ndi Yamikani, mnyamata amene wangoyamba kumene sukulu. Za imfayo sindinena zambiri. Anadwala, tinapita kuchipatala tili awiri, ndinabwerako ndekha.

Kwawo kwa Agnesi ndi m'munsi mwa phiri lomwelo, ndipo inu mukudziwa kuti kwathu kuno ana ndi a kuchikazi. Mwini mbumba ndi mchimwene wake, alamu anga a Fabiano. Iwo sanandikalipire, sanandilande ngakhale supuni. Anangonena mofatsa kuti, "Alamu, mwamuna yekha ndi ana awiri ku Boma, n'zovuta. Sukulu akatsekera mubwere nawo, tidzakhale pansi." Kukhala pansiko kunali kwa Lamulungu, tikaweruka kutchalitchi. Tanthauzo lake ndinkalidziwa: ana atsale kumudzi, ine ndibwerere ndekha.

Ndiye titafika kumudziko, Loweruka ndinati ndionetse kuti ndine bambo wokwanira. Agnesi ankawalonjeza anawo kuti adzawatengera kukaona zojambula za makolo pamatanthwe, koma sizinatheke. Ndinati ndiwatengera ine. A Fabiano anafuna kutiperekeza. Ndinakana. Anati nanga atiitanire munthu wolondolera alendo. Ndinakananso. (Ndinaphunzira mbiri yakale kukoleji, ndipo ndimaiphunzitsa. Phirilo ndinali ndisanalikwerepo, koma pabolodi ndinali nditalijambula kambirimbiri.)

Pali china choti muchidziwe. Chimwalirire Agnesi, ndimaopa chilichonse. Mwana akatsokomola ndimamugwira pamphumi. Akachedwa kuchimbudzi ndimakagogoda. Anthu amati ndine wolimba mtima chifukwa pamaliro sindinalire. Sadziwa kuti mantha anadzaza paliponse, misozi n'kusowa podutsa. Choncho chikwama chimene ndinabereka tsikulo chinali cha munthu wosamuka: mabotolo a madzi, majuzi, mabandeji, mankhwala a malungo, ena a m'mimba, ambulera, mbatata zophika, tochi kunja kukuwala. Yamikani ndinamumanga m'chiuno ndi chitenje cha mayi ake, nsonga inayo n'kuikulunga padzanja langa.

"Ababa, ndine mbuzi ine?"

"Yenda."

"Mee," anatero, n'kuyamba kuyenda.

Titadutsa minda ya kachewere tinakumana ndi mayi wina atasenza nkhuni. Anatipatsa moni, anayang'ana chitenjecho, n'kuluma mlomo.

"Mukukaona zojambula, bambo?"

"Eya, mayi."

"Chabwino. Koma kuseri kwa thanthwe lalikululo kuli chilombo. Chachikulu, chatambalala chonchi." Anatambasula dzanja limodzi, linalo lili pamtolo. "Anawa asakachikhudze. Eni ake amakalipa."

Munthu wanzeru akanafunsa kuti chilombo chanji. Ine ndinati, "Tikudziwa, mayi, zikomo." Sindinkadziwa chilichonse. Fisi timati chilombo. Kambuku timati chilombo. Cha gule chija, chovala masanza ndi nthenga, chikwanje chili m'manja, nachonso ndi chilombo, ndipo ndicho chokhala ndi eni ake okalipa. Ine ndinakulira pamishoni ku Bembeke, bambo anga anali otsogolera mapemphero, ndipo cha gule ndinachionapo kamodzi kokha, pazenera. (Za mphasa yanga m'mawa mwake, tisalowemo.)

Ndikanatha kubwerera. Koma kubwerera kunali kukadutsa pakhonde pa a Fabiano dzuwa lisanakwere n'komwe, iwo n'kufunsa mofatsa muja kuti, "Mwabwerako kale, alamu?" Tinapitirira.

Njira inayamba kuchepa, miyala ikuchuluka. Mphepo inkalira m'mitengo ya masuku, ndipo tsamba lililonse logwa kwa ine linali phazi la kambuku. Ndinatola ndodo. Chapatali nyani anakuwa, ine n'kukoka chitenje mwamphamvu mpaka Yamikani anakhala pansi, phi! Tamanda anangondiyang'ana cham'mbali, nsidze imodzi ili m'mwamba. Kayang'anidwe kameneko ndi ka mayi ake, ndipo sindikudziwa kuti anakaphunzira liti.

Tinafika pathanthwe lalikulu lija. Pakhoma pake panali zojambula zofiira ngati katondo: mizere, zozungulira, timadontho tondondozana. Mantha anayamba kuchepa, uphunzitsi unandigwira. Yamikani anati akufuna kukodza. Ndinamumasula, n'kumuuza kuti akodze pomwepo pamene ndikumuona, osati pathanthwe. Kenaka ndinatembenukira kwa Tamanda kuti ndimufotokozere za Akafula, anthu aafupi amene ankakhala m'mapiri muno makolo athu asanafike. Ndinafotokoza bwino kwambiri. Ndodo ija inasanduka cholozera. Ndikanakhala m'kalasi, ana akanawomba m'manja.

Potembenuka, ndinapeza chitenje chili pansi, pambali pake dothi lonyowa. Mwana palibe.

"Yamikani ali kuti?"

"Wapita kukaona chilombo," anatero Tamanda, ngati akunena kuti wapita kukagula mchere.

Ndisanapume n'komwe, mawu anamveka kuseri kwa thanthwe.

"Ababa! Ababaa! Chilombo! Chili pano! Chachikulu!"

Kenaka kunangoti zii.

Kudzanja lamanja kunali kanjira kozungulira thanthwelo, koyera bwino, kopondedwa ndi alendo. (Ndinakaona pambuyo pake.) Nthawi imeneyo maso anga anaona chinthu chimodzi chokha: mng'alu pakati pa miyala iwiri, kuwala kukuonekera tsidya linalo. Ndinalowamo chamutu, ndodo patsogolo. Mutu unadutsa. Mapewa anadutsa movutikira. Chikwama chinalowa theka, n'kukana. Ndinakankha, ndipo kukankhako ndiko kunandimaliza. Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi. Phazi limodzi linkangopalasa mphepo.

Pamene ndinatsakamirapo ndinkaona kadothi pang'ono ndi nsapato imodzi ya Yamikani, itagona cham'mbali. Inali nsapato imene Agnesi anagula yaikulu dala kuti mwana akuliremo. Ndinaiyang'ana. Sinagwedezeke. Ndinaitana, koma mwala unali utandifinya chifuwa ndipo panangotuluka kamphepo. Ndinatchera khutu kuti ndimve kulira, kubangula, ngakhale nyimbo ya gule, chilichonse. Kunalibe. Maganizo anandiuza momveka bwino kuti mawa sipakhalanso zokambirana. Ndidzaima pamaso pa a Fabiano ndi mwana mmodzi ndi nsapato.

Pamenepo mawu anabwera. Ndinaitana dzina limene ndinali ndisanalitchule mokweza chichokere kumanda.

"Agnesi! Agnesi, mwana uja! Agnesi!"

Ndipo misozi imene inakana pamaliro, pamaso pa ansembe ndi kwaya, inasankha kutulukira pamenepo, mutu uli kuphanga, matako ataloza ku Mozambiki.

Kamutu kanasuzumira mumng'alumo.

"Ababa, mukutani m'menemo?"

Anali Yamikani, wathunthu. Manja awiri, miyendo iwiri, phazi limodzi lopanda nsapato.

"Nsapato yako?"

"Imavuka yokha."

"Nanga unangoti zii bwanji?"

"Ndimawerenga madontho ake."

"Madontho a chiyani?"

"A chilombo. Icho!"

Ndinapotoza khosi mmene ndikanathera. Pamwamba pake, pakhoma la thanthwe, panali chojambula choyera, chachikulu kuposa mwanayo. Chinali ngati ng'azi yogona chafufumimba, miyendo itatambalala ndendende mmene mayi wa nkhuni uja anasonyezera, madontho ali thupi lonse. Chithunzi chake ndinali nditachiona m'buku la kukoleji. M'menemo chinali ndi dzina lalitali la Chingerezi, ndipo ndinakhoza nalo mayeso. Kuti eni phiri amangochitcha chilombo, buku silinanene.

Tamanda anatulukira, atazungulira pakanjira kaja bwinobwino. Anandikoka dzanja, Yamikani akukoka ndodo. Sindinasunthe.

"Ndiwaimbire atsibweni," anatero Tamanda.

"Ayi! Atsibweni ako ayi."

"Ndiye tigona konkuno?"

Ndinayang'ana kumbuyo kwake. Chifunga chinali chitayamba kutsika pamwamba pa phiri, mphepo ikuzizirira. Majuzi onse anali m'chikwama, chikwama chili mumwala. Ndipo afisi enieni, osajambula, m'mapiri muno alimo. Mantha atsopano anafika, oposa a zokambirana za Lamulungu.

"Foni ili m'thumba lakumbuyo," ndinatero.

Anazunguliranso kupita mbali ya ku Mozambiki ija. Ndinamva kadzanja kakufufuza m'thumba, kenaka mawu ake.

"Atsibweni, ababa alowa mumwala... Ayi, ali moyo, akulira... Ayi, si iwo onenepa, ndi chikwama."

Podikira, ana anakhala pansi pa chojambula chija, pafupi ndi nkhope yanga. Yamikani anavala nsapato yake n'kuyambiranso kuwerenga madontho. Tamanda anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Amayi anati ichi n'cha atsikana," anatero. "Anati n'cha chinamwali. Anati adzandiuza ndikakula."

Kenaka ananditembenukira.

"Inu mukudziwa, ababa?"

"Za m'buku zokha, mwanangu."

"Ndiye adzandiuza ndani?"

Funso limenelo linandifinya kuposa mwala. Tamanda anatenga nsonga ya chitenje n'kundipukuta kumaso, mwamphamvu, ngati akupukuta mbale.

A Fabiano anafika ndi amuna atatu. Kumbuyo kwawo kunali theka la mudzi, chifukwa nkhani yoti mkamwini walowa mumwala siyenda yokha. Mayi wa nkhuni uja analipo. Ndinamumva akufunsa, "Si aja amati akudziwa aja?"

"Alamu," anatero a Fabiano kumbuyo kwanga, "mwaswera bwanji?"

"Ndaswera bwino, kaya inu, alamu."

(Ulemu ndi ulemu, ngakhale ukupereka moni ndi zidendene.)

Anadula malamba a chikwama ndi mpeni. Anandipaka sopo m'nthiti, n'kuthira madzi a m'mabotolo anga omwe aja. Kenaka awiri anagwira mwendo uwu, awiri mwendo uwo, azimayi akuwerengera mokweza ngati akukoka ng'ombe m'matope. Ndinatuluka phu! Buluku langa silinagwirizane nazo. Linang'ambika kuchokera m'chiuno mpaka m'bondo, malo amene munthu sangagwire ndi dzanja limodzi.

Panali chitenje chimodzi chokha chopanda mwini. Ndinachikulunga msangamsanga.

"Mwalakwitsa, ababa," anatero Tamanda. "Amayi amayambira uku." Anachimasula pang'ono n'kundimanga bwino, anthu onse akuona.

Ndi mmene ndinatsikira phiri la Mphunzi: nsapato zachikopa, masokosi, chitenje cha maluwa achikasu, thovu la sopo m'khwapa. Yamikani anali patsogolo, womasuka, akuuza aliyense wokumana naye kuti iye wachiona chilombo koma ababa analira.

Lamulungu tinakhala pansi monga tinapangana. Mawu onse amene ndinakonzekera, a sukulu yabwino ya ku Boma ndi chipatala chapafupi, ndinawasiya. Ndikanawanena ndi nkhope iti? Ndinangoyang'ana pansi, kudikira.

A Fabiano anatsokomola kangapo, ndipo ndikudziwa kuti sichinali chifuwa.

"Alamu," anayamba, "amene anali m'minda ya m'munsi anamva dzina limene munkaitana dzulo." Anandiyang'ana. "Ife pamaliro tinakuonani maso ali gwa. Tinkati mwina mlongo wathu mwamuiwala msanga, ndiye ana ake mungawaiwalenso. Koma munthu wolowa mumwala chamutu, ndi kandodo, kukalimbana ndi chilombo chimene sakuchidziwa n'komwe..." Anapukusa mutu. "Ana mupite nawo. Tchuthi chilichonse azibwera, chifukwa Tamanda ali ndi zoti amve kwa amayi ake aang'ono, zimene inu ndi ine sitingamuuze."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndithokoze.

"Ndiponso," anapitiriza, "tikawatenga anawa, inuyo azikakutulutsani ndani?"

Mudzi wonse unaseka. Ndinaseka nawo, koyamba chaka chimenecho, nthiti zikuwawa.

Masiku ano munthu akanena kuti chilombo, ndimafunsa kuti chanji. Zimenezo ndinaphunzira. Mantha okha sanathe: pamphumi ndimagwirabe, kuchimbudzi ndimagogodabe. Yamikani sindimumanganso, koma tikamapita kulikonse chitenje chija ndimachiika m'chikwama. Ndimawauza kuti n'cha mphepo. Tamanda amakweza nsidze ija, n'kuuza mlongo wake kuti asadandaule, n'cha ababa akang'amba buluku.